Magetsi opanda muyeso pathupi la wodwala

Zaka makumi awiri zapitazo, magetsi kwa Kanyenda, m'boma la Nkhotakota, anali chinthu cha pa Dwangwa: kufakitale ya shuga, m'nyumba za kampani ndi m'masitolo a m'mbali mwa msewu. Kalembera wa mu 2018 anapezabe kuti m'dziko lonse lino nyumba zounikira magetsi a ESCOM zinali pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse. Koma mphamvuyi sinadikire mapolo. Yafika m'midzi ndi sola yokhazika padenga la udzu, batire lagalimoto loikidwa pakona, inveta yoyendetsa makina ometera ndi wailesi yakanema, njinga zamoto za kabaza zothamanga mumsewu wa M5 ndi mainjini a maboti kugombe la Ngala. Yafikanso foni, ndipo m'foni momwemo mumayenda mavidiyo akunja ophunzitsa kuti ndi batire, mawaya awiri ndi timapaipi ta kopa munthu akhoza kudzichiza yekha nyamakazi, shuga, khansa ngakhale Edzi. Zipangizo zimene mavidiyowo amatchula zili kale m'nyumba zathu, amisiri odziwa kulumikiza mawaya alipo, ndipo odwala otopa ndi matenda amgonagona ndiye osawerengeka. Chakudza sichiimba ng'oma, n'chifukwa chake nkhaniyi ndi yoti tiikambe tsopano. Ganizo langa ndi lakuti magetsi amathandiza wodwala pokhapokha pali zinthu ziwiri, kudziwa nthenda yeniyeni ndi muyeso wotsimikizika, ndipo kachipangizo kolumikizira pakhonde kalibe zonse ziwirizi. Kakakhala kofooka kamadya nthawi ya wodwala, kakakhala kamphamvu kamawotcha kapena kupha, ndipo amene wakapanga alibe njira yodziwira kuti lero kali mbali iti.

Chikhulupiriro chakuti kunjenjemeretsa thupi kumachotsa nthenda n'chakale kuposa mawaya. Cha m'chaka cha 47 Yesu atabadwa, sing'anga wa ku Roma, Scribonius Largus, analemba kuti wodwala mutu wosamva mankhwala kapena wotupa mfundo za kuphazi amuike nsomba yamoyo ya m'nyanja yamchere imene imatulutsa magetsi, mpaka malo owawawo achite dzanzi. Nsomba ya mtundu wa mlamba yokhala ndi mphamvu yotereyi ilipo ngakhale kwathu kuno, kumunsi kwa Shire ndi mu Zambezi. M'zaka za m'ma 1750, John Wesley, amene anayambitsa mpingo wa Methodist, ankagwiritsa ntchito makina a magetsi pa osauka a mu London, ali ndi mtima wonse wofuna kuwathandiza. Anthu amenewa sanali mbava. Anaonadi kanthu, chifukwa ululu umazirala kwa kanthawi mitsempha ikadzidzimutsidwa. Kumene anaphonya n'kutenga dzanzi ngati kuchira, ndipo kuphonya komweko ndiko kukugulitsa timakina ta masiku ano.

Kotchuka kwambiri mwa timakinati kamatchedwa zapper, ndipo anakafalitsa ndi mayi wobadwira ku Canada, Hulda Clark, m'mabuku amene anatulutsa m'zaka za m'ma 1990. Iye ankaphunzitsa kuti khansa zonse zimayamba ndi nyongolotsi imodzi yaphanthiphanthi ya m'matumbo, yopezeka makamaka ku Asia, ndipo kuti kachirombo ka Edzi nakonso kamadalira nyongolotsi yomweyo. Mankhwala ake anali batire la mavolti 9, kabokosi kodukiza magetsiwo maulendo masauzande ambiri pa sekondi, ndi timapaipi tiwiri ta kopa tokulunga m'pepala lonyowa toti wodwala azifumbata. Anajambula ndi kalumikizidwe kake komwe kuti aliyense adzipangire. Palibe kafukufuku wovomerezeka amene anaonetsapo kuti kabokosika kamapha nyongolotsi, kachirombo kapena chotupa m'thupi la munthu. Chipatala chake cha ku Tijuana, m'dziko la Mexico, boma la kumeneko linachitsekapo mu 2001, ndipo mwiniwakeyo anamwalira mu 2009 ndi khansa ya m'mafuta a m'mafupa. Imfa yake si yoseka, ndipo payokha si umboni wotsutsa chiphunzitso chake. Komabe munthu amene akuuzidwa kuti aike moyo wake pa kabokosi kameneka ayenera kudziwa mmene zinathera kwa amene anakatamanda kuposa wina aliyense.

Chiphunzitso cha nyongolotsi chikhoza kumveka chanzeru kuno kunyanja kuposa kumene chinachokera, chifukwa kuno nyongolotsi si nthano. Mwana wa ku Nkhotakota wokodza magazi sadabwitsa munthu. Likodzo limayamba ndi tinyongolotsi tochokera m'nkhono za m'madzi, timene timaboola khungu la wosamba, wochapa kapena wokoka khoka, n'kukakhazikika m'mitsempha yamagazi yozungulira chikhodzodzo. Mazira ake akakhala zaka zambiri akukanda chikhodzodzocho amatha kuyambitsadi khansa, ndipo izi asayansi anazitsimikiza kalekale. Ndiye wogulitsa kabokosi akanena kuti nthenda zanu zonse ndi tizirombo, amakhala wagunda pa chinthu chimene womvera anachionapo ndi maso. Koma choonadi chake chimathera pomwepo. Nyongolotsi ya likodzo ili mkati mwa mtsempha, yazingidwa ndi magazi ndi mnofu, ndipo magetsi sadziwa kuti uyu ndi mlendo, uyu ndi mwini thupi. Mphamvu yokwanira kupha nyongolotsiyo ingayambe yawononga mtima ndi minofu ya wodwala. Chonsecho mankhwala enieni a likodzo, praziquantel, ndi mapiritsi omwa kamodzi, oyezedwa potengera kulemera kapena kutalika kwa munthu, amene boma limagawa ulere m'masukulu ndi m'zipatala.

Kuti timve chifukwa chake muyeso ndiye mutu wa nkhani, tiganize za ngalande zothirira nzimbe ku Dwangwa. Pali mphamvu imene ikukankha madzi, palinso kuchuluka kwa madzi amene akudutsadi, ndipo kuchulukako kumatengera kukula kwa chipata chimene mwatsekula. Mavolti ndi mphamvu yokankhayo. Chimene chimavulaza munthu ndi kuchuluka kwa magetsi odutsa m'thupi, kumene amayeza m'mamiliampu, ndipo chipata chake ndi khungu. Khungu louma ndi lokhakhala la m'manja mwa wodula nzimbe limatsekereza kwambiri. Khungu lomwelo likanyowa ndi thukuta kapena madzi, kutsekereza kwake kumatha kutsika kakhumi, mwinanso ka 100. Likakhala ndi bala kapena mphini zongotema kumene, chipata chimakhala pululu, pakuti mkati mwa thupi muli madzi amchere amene magetsi amadutsamo mosavuta. Ndiye kuti waya yemweyo, batire lomwelo, munthu yemweyo, akhoza kungomva kunyerenyetsa m'mawa wozizira wa mu Juni, n'kulandira mphamvu yochuluka kakhumi masana a mu Okutobala ataima wopanda nsapato pansi ponyowa. Makina a kuchipatala amawapanga kuti magetsi odutsa asapyole malire ngakhale khungu lisinthe. Kolumikizira panyumba kamangokankha basi, ndipo muyeso wa tsikulo umagamulidwa ndi thukuta.

Manambala ake ndi ochepa moopsa. Pa magetsi a mtundu wa ESCOM, amene amatembenukatembenuka ka 50 pa sekondi, munthu amayamba kumva pa miliampu imodzi. Pakati pa 10 ndi 20 minofu ya dzanja imakungika mwakuti sangathenso kutaya wayayo ngakhale atafuna, ndipo apa m'pamene timati magetsi amugwira. Kuyambira cha pa 50 mpaka 100, akadutsa pachifuwa kwa sekondi imodzi kapena ziwiri, mtima umatha kusokonekera n'kumangonthunthumira osapopa magazi. N'chifukwa chake maswitchi oteteza anthu m'nyumba zolumikizidwa bwino amadula pa mamiliampu 30. Tsono soketi ya mavolti 230 pa munthu wonyowa imatha kukankha mamiliampu oposa 200. Pali msampha wina umene ambiri sauona. Inveta imatenga mavolti 12 a batire la sola n'kuwasandutsa 230 omwewo. Munthu amadzilimbitsa mtima kuti ndi magetsi a sola chabe, pamene chotuluka kuwayako n'choopsa chimodzimodzi ndi cha papolo, ndipo kawirikawiri sipakhala switchi yoteteza. Kufumbata chitsulo kumanja, china kumanzere, monga mmene mavidiyo aja amaonetsera, ndiko kulambulira magetsi njira yodutsa pamtima penipeni. Mtima ukafika ponthunthumira, choubweza ndi makina apadera amene ayenera kufika m'mphindi zochepa zoyamba. Kuchokera ku Ngala kapena ku Dwambazi kukafika pa boma la Nkhotakota si ulendo wa mphindi zochepa.

Wina anena kuti iye za inveta sakhudza, amangotenga batire la mavolti 9 kapena 12, ndipo limenelo silingaphe munthu. Pakhungu louma akunena zoona, ndipo palibe chifukwa choopsezera anthu ndi bodza. Koma pali kuvulala kochuluka kumene sikufika pa imfa. Magetsi a batire, oyenda mbali imodzi, akakhalitsa pakhungu lonyowa amasandutsa madzi amchere a pamalopo kukhala mankhwala odya mnofu, ndipo pansi pa chitsulocho pamatuluka bala lochedwa kupola. Batire lagalimoto mawaya ake akagundana mwangozi limafiiritsa waya kapena chibangili m'kanthawi kochepa, ndipo mpweya umene limatulutsa politchaja umaphulika ndi kamoto kakang'ono n'kumwaza asidi kumaso. Waya wa pulagi ya njinga yamoto kapena ya injini ya boti amanyamula mavolti oposa 10,000, ngakhale kuti ndi kwa kanthawi kochepa zedi. Chondidetsa nkhawa kuposa zonsezi ndi mtima wa munthu wodwala. Mavolti 9 akalephera kuthetsa ululu, n'kovuta kuti anene kuti njirayi ndi yabodza. Amati mphamvu yachepa. Amawonjezera batire lachiwiri, amaviika nsalu m'madzi amchere, amatalikitsa nthawi, kenaka diso limagwera pa inveta. Kachipangizo kopanda malire kamakwera motsata ululu, ndipo ululu wa nthenda yamgonagona sutopa msanga.

Chomvetsa chisoni n'chakuti amene angakopeke kwambiri ndi omwenso matupi awo sangathe kudziteteza. Mlonda wamkulu wa thupi pa moto kapena magetsi ndi ululu umene umauza munthu kuti chotsa. Wodwala shuga kwa zaka zambiri mitsempha ya kumapazi imafa pang'onopang'ono. Amamva dzanzi, kubaya ndi kutentha usiku, ndipo ndi zomwezi zimene zingamutume kukafuna waya. Phazi lotero limapsa mwiniwake osamva, magazi safika bwino kuti bala lipole, ndipo bala la kuphazi kwa wodwala shuga ndi njira yodziwika yopita kokadulidwa mwendo. N'chimodzimodzi amene anadwalapo khate, amene anafa ziwalo mbali imodzi ndi sitiroko, ndi ambiri amene anamwa ma ARV oyamba aja okhala ndi stavudine, amene anawasiyira mapazi oyaka boma lisanasinthe mankhwalawo. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO wa mu 2009 anapeza kuti mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ambiri mwa iwo osadziwa, ndipo pafupifupi 6 pa 100 anali ndi shuga. Mtima umene wakhala zaka ukulimbana ndi BP sukhalira kusokonekera. Wodwala khunyu, mayi woyembekezera, munthu woikidwa kabatire kothandiza mtima, onsewa ngakhale kuchipatala kwenikweni sawaika makina a magetsi mwachisawawa. Mu 2004 madokotala a ku Switzerland analemba za bambo wina amene kabatire ka mtima wake kanasokonezedwa ndi zapper yomweyi ya mavolti ochepa.

Nanga ngati magetsi ndi oopsa chotere, bwanji madokotala amawagwiritsa ntchito? Amawagwiritsadi, ndipo kuona mmene amachitira kumangolimbitsa mfundo yanga. Makina odzutsa mtima amayamba awerenga kagundidwe ka mtimawo, ndipo amaomba pokhapokha apeza kusokonekera kwa mtundu umene kuombako kungakonze, chifukwa kuomba mtima wabwinobwino kukhoza kuuimitsa. Chithandizo cha magetsi cha matenda ena aakulu a maganizo, chimene anayambitsa Ugo Cerletti ndi Lucio Bini ku Roma mu 1938, masiku ano amachipereka wodwala atamugoneka, atamupatsa mankhwala ofewetsa minofu, mtima wake akuuyang'anira, popeza m'zaka zoyambirira anthu ankathyoka mafupa a msana pophupha. Kamakina ka TENS kamene madokotala a mafizo amamata pamsana kapena pabondo kamatulutsa timagetsi todukizadukiza, kalikonse kosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, ndipo pali malo oletsedwa kukamata, monga kutsogolo kwa khosi, pamaso ndi modutsa pachifuwa. Maziko ake ndi ganizo la Ronald Melzack ndi Patrick Wall la mu 1965, lakuti kutekenya mitsempha ina kumatchinga uthenga wa ululu usanafike kuubongo. Palibe nthenda imene kamachiza. Kamangophimba ululu, ndipo ngakhale pamenepo umboni ndi wofooka. Mu 2019 a bungwe la Cochrane, ataunika kafukufuku wochuluka, analephera kunena motsimikiza ngati kamathandizadi pa ululu wokhalitsa. Tsono ngati makina opangidwa m'fakitale, oyesedwa ndi kuvomerezedwa, akadali okayikitsa motero, tiyembekeze chiyani kwa waya womangirira ndi mphira wa chubu?

Kutsutsa kwina kumabwera ndi nkhope ya munthu: mukukana bwanji pamene auje anayesa ndipo anapeza bwino? Umboni wotere sindiutenga ngati bodza, koma nkhani ya njoka imatiphunzitsa kusamala nawo. Mu 1986 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza kalata ya Ronald Guderian, mmishonale wogwira ntchito ku Ecuador, ndi anzake, yonena kuti anthu 34 olumidwa ndi njoka anachira atawaomba magetsi amphamvu pabala. Nkhaniyi inafala, ndipo anthu anayamba kugwiritsa ntchito mawaya a mapulagi a galimoto ndi a mainjini a maboti. Asayansi atayesa pa nyama zobayidwa poizoni wa njoka woyezedwa bwino, sanapeze phindu lililonse pa zoombedwazo poyerekeza ndi zosaombedwa. Chinsinsi chake n'chakuti njoka zambiri zilibe poizoni wakupha, ndipo ngakhale zoopsazo nthawi zina zimaluma osalavula wokwanira. Anthu otero amachira ndithu popanda waya. Mu 1990 boma la America linaletsa kutsatsa timfuti ta magetsi ngati mankhwala a njoka, ndipo WHO imaika njirayi m'gulu la zosayenera kuchita. Mu 1991 madokotala a ku Arizona analemba za bambo amene analumidwa pamlomo ndi njoka yake yoweta, n'kuuza mnansi wake kuti amulumikize waya wa pulagi ya galimoto pamlomopo ndi kuponda mafuta. Anakomoka nthawi yomweyo, poizoni anapitiriza ntchito yake, ndipo anakapulumukira kuchipatala, kumene anafunikanso opaleshoni yokonza mlomo.

Matenda okhalitsa amanyenga kuposa njoka, chifukwa amabwera ndi kupita. Msana wa mlovi umawawa sabata imene wapalasa usiku uliwonse, n'kupepuka mwera ukawomba mabwato ali pamtunda. Munthu amafuna chithandizo tsiku limene ululu wafika pachimake, ndipo kuchoka pachimake n'kutsika basi. Chilichonse chimene wachita tsikulo chimatenga ulemu. Onjezanipo dzanzi lenileni la maola angapo, ndi chiyembekezo cha munthu amene wamva chinthu champhamvu chikuyenda m'thupi mwake. Ndiponso umboni timaumva kwa amene ali moyo ndipo akufuna kulankhula. Wopsa akhoza kubisa bala chifukwa cha manyazi, ndipo magetsi oimitsa mtima nthawi zina sasiya chipsera, mwakuti pamaliro anthu angangoti inali BP. Amalawi tinaona kale mphamvu ya umboni wa pakamwa. Mu 1995 anthu miyandamiyanda anakhamukira kwa Billy Goodson Chisupe, pafupi ndi Liwonde, kukamwa mchape umene ankati uchiza Edzi. Maliro a Edzi sanachepe. Anadzayamba kuchepa boma litayamba kugawa ma ARV aulere mu 2004.

Apa m'pamene pali ngozi yaikulu kuposa kupsa, ngozi ya kachipangizo kofooka kamene sikakanda n'komwe khungu. Amene wakhulupirira kuti magetsi ayeretsa magazi ake amayamba kuona mapiritsi a tsiku ndi tsiku ngati mtolo wosafunika. Kachirombo ka HIV kamabisala mkati mwa maselo, kumene waya sangakapeze, ndipo munthu akasiya ma ARV kamachulukananso m'masabata ochepa, nthawi zina katapima mankhwalawo. Wosiya mankhwala a BP samva kanthu mpaka tsiku la sitiroko. Wosiya mwadzidzidzi mankhwala a khunyu akhoza kugwa motsatizana, ndipo kunyanja kuno kugwa kumatanthauzanso kugwera m'madzi kapena pamoto wowambira nsomba. Chotupa cha bere kapena cha khomo la chiberekero chimene chikanachotsedwa chidakali chaching'ono chimakula miyezi imene wodwala akufumbata kopa. Lamulo la HIV ndi Edzi la mu 2018 limaletsa kufalitsa zabodza zokhudza matendawa, ndipo kulengeza machiritso onama kumagwera m'menemo. Bungwe la Medical Council of Malawi limayang'anira ochiza anthu, la PMRA limayang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala. Koma malamulo amagwira wogulitsa wa pamsika. Safika m'chipinda mmene mwana wachikondi akulumikiza mawaya pamwendo wa mayi ake.

Kutsutsa kumene kumandilemera kwambiri sikufuna sayansi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. N'kosavuta kwa munthu wathanzi kuuza wodwala kuti apite kuchipatala, osawerengera mtengo wa kabaza, tsiku lotayika kumunda wa mpunga, mzere woyamba mbandakucha, ndi mawu odziwika aja akuti mankhwalawa atha, mukagule kufamase. Kuchokera pa Dwangwa kupita kuchipatala chachikulu pa boma ndi makilomita oposa 50, ndipo madzi akasefukira, monga anachitira kwa Kanyenda mu Febuluwale 2024, ulendowo umaima. Zipatala zathu anazimanga poganizira malungo, kutsekula m'mimba ndi uchembere, zinthu zimene zimabwera n'kutha. Nthenda yofuna kuonana ndi dokotala mwezi ndi mwezi kwa moyo wonse sizinaikonzekere mokwanira. Madokotala a mafizo m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo ambiri ali m'mizinda. Munthu amene wangolandira panado mobwerezabwereza pa msana womwewo sakulakwa kuganiza kuti palibe akumumva. Zonsezi ndi zoona, ndipo amene amanena wodwala wotere kuti ndi mbuli sanachezerepo usiku wonse ndi mwendo woyaka.

Komabe kusowa kwa chithandizo chabwino sikupatsa mphamvu chithandizo chabodza. Mawu akuti palibe chotaya poyesa ndi olakwika makamaka kwa wosauka, chifukwa iye ndi amene alibe ndalama zoyendera kukatsukitsa bala kwa miyezi, alibe womulimira akadulidwa phazi, alibe galimoto yomuthamangitsira kuchipatala mtima ukaima. Wolemera akayesa zachabe amataya ndalama, wosauka amataya chiwalo chimene amadyera. Ena amati thupi ndi lake, achite nalo chimene afuna. Ndikuvomera, koma kusankha kumafuna kudziwa, ndipo vidiyo imene yamuphunzitsa kulumikiza sinamuuze za mamiliampu 30. Ndiponso n'zotheka kuti wogwira switchi akhale wina, womangidwa mawaya n'kukhala wina: gogo, mwana, kapena wofa ziwalo amene sanasankhe yekha. Mkwiyo wa kusowa mankhwala uli nako kopita koyenera. Ku Neno, boma pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo linaonetsa kuti matenda a shuga, mtima, khunyu ndi mphumu akhoza kusamalidwa bwino m'boma lakumudzi, potsata odwala mwa njira yomwe ija imene inapambana pa ma ARV. Ku Salima, a Ndi Moyo akhala zaka zambiri akuziziritsa ululu wa odwala khansa ndi matenda ena osachizika pogwiritsa ntchito mofini wakumwa, amene ndi wotsika mtengo. Zoterezi n'zimene makomiti a zaumoyo, mafumu, makhansala ndi phungu wa dera lino ayenera kuumirira kuti zikhazikike pa zipatala za Nkhunga ndi Dwambazi, kuti wodwala shuga azipimidwa ndi kulandira mankhwala ake pafupi, mwezi uliwonse.

Alipo amene angaone ngati ndikunyoza luso la kumudzi. Atchula William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, amene ali ndi zaka 14 anapanga makina amphepo otulutsa magetsi ndi zitsulo zotola, anthu akumuseka. Luso limenelo ndi chuma, ndipo anyamata okonza mafoni, mawailesi ndi masola pa Dwangwa ali nalo. Koma luso lotere limakula chifukwa ntchito yake imayankha msanga ndiponso mosanama: babu likayaka walondola, likapsa walakwitsa, ugula lina n'kuyambanso. Thupi la munthu siliyankha choncho. Limatha kunena kuti ndapeza bwino nthenda ikukula, limatha kukhala chete mnofu ukupsa, ndipo likazima palibe kogula lina. N'chifukwa chake chipangizo chokhudza wodwala chimayenera kudutsa m'mayeso, ndipo odwala amene achigwiritsa ntchito amayerekezedwa ndi ena amene sanachigwiritse, kuti zidziwike ngati kusintha kwabweradi ndi chipangizocho. Njira imeneyi si ya azungu okha. Makina otsika mtengo a Pumani, othandiza makanda kupuma, anayesedwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mogwirizana ndi yunivesite ya Rice ya ku America, ndipo lero ali m'zipatala zambiri za m'dziko muno. Mnyamata wofuna kuthandiza odwala ndi luso lake la mawaya, khomo lolowera ndi limenelo.

Pempho langa likupita kwa inu amisiri, chifukwa odwala ambiri sangalumikize kabokosi kotere popanda inu. Wina akabwera ndi vidiyo pafoni kuti mumupangire ka mayi ake, kanani, ndipo mumuuze chifukwa chake m'manambala amene inu mumawadziwa bwino. Mukapeza munthu magetsi amugwira, musamukhudze ndi manja. Zimitsani kaye, kapena kankhani wayayo ndi mtengo wouma mutaima pouma, ndipo ngati sakupuma yambani kudinikiza pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi mofulumira pamene ena akufuna galimoto. Ngakhale atadzuka n'kunena kuti ali bwino, apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa magetsi amawotcha mkati kuposa mmene khungu likuonetsera. Ndipo inu amene muli ndi wodwala wa dzanzi kumapazi kapena wa msana wosatha, pitani naye sabata ino akamupime shuga ndi BP, mutatenga buku lake lakuchipatala ndi mapiritsi onse amene akumwa.